Ntchito younika ngongole ku Joni: komwe ili, ndi khomo lomwe Mmalawi angalowerepo

Funso lake limabwera mofanana, kaya pa WhatsApp kaya tikakumana potuluka m'tchalitchi ku Rosettenville: "Achimwene, ndili ndi digiri ya accounting ya ku Poly, kodi ntchito za credit analyst zikupezeka kumeneko?" Zikupezeka ndithu, koma zambiri sizili pomwe wofunsayo akuyang'ana. Ndakhala nthawi m'madipatimenti a ngongole kuno ku Johannesburg, kuwerenga mafayilo a okongola ndi kukhala nawo pa maintaviyu, ndiye ndati ndilembe zomwe ndaona, abale anga musamataye ndalama ya basi pachabe.

Chimene chimayamba kusokoneza anthu ndi dzina la ntchitoyo. Mukatsegula Pnet, Careers24 kapena LinkedIn n'kulemba mawu akuti credit, zikutulukirani ntchito zambirimbiri, inu n'kumati msika wapsa. Werengani bwino. Zochuluka mwa izo ndi za credit controller, yemwe ndi wotolera ngongole: kuimbira makasitomala a kampani, kutumiza masitetimenti, kufananitsa zomwe alipira ndi ma invoice. Ndi ntchito yabwino, ndipo ena amayambira pomwepo, koma si younika ngongole. Wounika ngongole weniweni amakhala kutsogolo kwa nkhani, ndalama isanatuluke. Amalandira pempho la kampani yofuna kukongola, amafukula mabuku ake, n'kulemba chikalata chouza komiti ya ngongole kuti tipereke kapena ayi, zingati, pa chikole chanji. Palinso mtundu wina, credit risk analyst, amene mwina sadzaonana ndi wokongola ngakhale mmodzi moyo wake wonse. Iyeyu amakhala pakompyuta ndi ma akaunti zikwizikwi, kupanga masamu oyerekeza kuti mwa anthu onsewa ndi angati adzalephere kubweza. CV imodzi singakwanire mitundu yonseyi, ndipo amene amamwaza CV imodzimodzi paliponse ndi amene amadandaula kuti sayankhidwa.

Olemba ntchito akuluakulu ali momwe mukuganiziramo: Standard Bank ku Rosebank ndi m'tauni pa Simmonds Street, Absa m'tauni ndi ku Sandton, FNB ku Bank City, RMB, Nedbank ndi Investec ku Sandton, WesBank ku Fairland pa ngongole za galimoto, African Bank ku Midrand. Capitec likulu lake lili ku Stellenbosch, koma itagula Mercantile Bank mu 2019 inalowa m'ngongole za mabizinesi, ndipo mbali imeneyo ili kuno. Anthu athu amathera pa mayina amenewa, kuiwala kuti aliyense wogulitsa katundu pangongole amafuna womuunikira. Kuli IDC ku Sandton ndi DBSA ku Midrand, omwe amakongoza ma projekiti akuluakulu. Kuli makampani a inshulansi ya ngongole za malonda monga Credit Guarantee, Coface ndi Allianz Trade, omwe tsiku lililonse amaika malire a ndalama zomwe wogula wakutiwakuti angatengere katundu. Kuli ma credit bureau, osunga mbiri ya ngongole za anthu, monga TransUnion, Experian ndi XDS, kuli oyika makampani ndi maboma pa sikelo monga Moody's, S&P ndi GCR. Pambali pa onsewa pali makampani ogulitsa zitsulo, simenti, mafuta ndi zipangizo za m'migodi ku Germiston, Isando ndi Wadeville, omwe ali ndi madipatimenti awoawo a ngongole. Kumeneku mpikisano ndi wocheperako kusiyana ndi ku Sandton, chifukwa achinyamata ambiri maso awo ali pa nyumba zagalasi.

Msika wake wasintha chonchi. Ngongole ya munthu wamba, ya kadi, ya foni, ya katundu wam'nyumba, masiku ano saunika munthu. Imadutsa pa scorecard: kompyuta imakoka mbiri yake ku bureau, imawerenga malipiro ake pa sitetimenti, imachotsapo ndalama zomwe malamulo a National Credit Act amati munthu asiyiridwe zodyera, n'kuyankha m'mphindi zochepa. Ntchito za makalaliki omwe ankachita zimenezi pamanja zinatha, ndipo sizibwereranso. Mu 2019 Standard Bank inalengeza kuti itseka nthambi 91, zomwe zinakhudza ntchito pafupifupi 1,200, chifukwa makasitomala anasamukira pafoni. Amene akufuna kulowa m'banki kudzera pakauntala n'kukwera pang'onopang'ono mpaka kudipatimenti ya ngongole, monga ankachitira makolo athu ku National Bank kwathu, adziwe kuti makwerero amenewo anathyoka.

Zomwe zinachuluka ndi ntchito za anthu opanga ndi kuyang'anira ma scorecard omwewo. Chinakankha kwambiri ndi IFRS 9, lamulo la kalembedwe ka mabuku lomwe linayamba pa 1 January 2018. Kale banki inkadikira ngongole iwonongeke kaye ndiye n'kupatula ndalama zokwirira dzenjelo. Pano imayenera kuyerekeza zotayika kuyambira tsiku lomwe yapereka ngongole. Ngongole yoyenda bwino ili pa Stage 1, ndipo amapatula zomwe zingatayike m'miyezi 12. Ikayamba kudzandira, mwachitsanzo kupitirira masiku 30 osalipira, imapita pa Stage 2, ndipo amapatula za moyo wonse wa ngongoleyo. Ikadutsa masiku 90 kawirikawiri imagwera pa Stage 3. Masamu ake amaima pa zinthu zitatu zomwe aliyense wa ntchitoyi amazitchula ngati mayina a ana ake: PD, mwayi woti munthu alephera kubweza, LGD, gawo lomwe banki itaye akalephera, chikole chitagulitsidwa kale, ndi EAD, ndalama zomwe zidzakhale zili kunja tsiku lolepheralo. Chaka chomwecho cha 2018, mu April, kunabadwa Prudential Authority, bungwe loyang'anira mabanki, pansi pa Reserve Bank ya kuno, ndipo mafunso ake kumabanki sakutha. Zonsezi zimafuna anthu odziwa SAS, SQL kapena Python, a digiri ya masamu, statistics, actuarial science kapena economics yokhala ndi masamu ambiri. Mbali imeneyi ndiyo ndimaona mabanki akusaukira anthu, kulimbirana omwewo, wina akachoka mpando n'kukhala miyezi wopanda munthu. Amene anachita masamu ku Chanco ndipo akuphunzitsa kusekondale mosakondwa aganizirepo.

Ntchitoyi ili ndi khalidwe lina lomwe ntchito zambiri za m'banki zilibe: chuma chikamayenda bwino amafuna anthu ovomereza ngongole zatsopano, chikavuta amafuna anthu osamala zodwala. Mu July 2020, nthawi ya Covid-19, repo rate, chiwongoladzanja chomwe Reserve Bank imakongozera mabanki, inatsika kufika pa 3.5 peresenti ndipo prime, chomwe mabanki amayambirapo pokongoza makasitomala, inali pa 7. Kuyambira November 2021 inayamba kukwera, pofika May 2023 repo inali pa 8.25, prime pa 11.75, ndipo inakhala pomwepo mpaka September 2024 pomwe inayamba kutsika. Onjezanipo kuzimazima kwa magetsi kwa 2022 ndi 2023, makampani akuwotcha dizilo m'majenereta. M'zaka zoterozo matebulo osamala ngongole zodwala, a watchlist, recoveries ndi restructuring, amadzaza mafayilo. Achinyamata amazithawa ntchito zimenezi, amati n'zosasangalatsa, kumangokhalira kukangana ndi maloya ndi anthu a business rescue, oyesa kupulumutsa kampani yomwe ikugwa. Ine ndimati pitani komweko. Munthu amene waona makampani khumi akufa amadziwa fungo la kampani yodwala, ndipo akabwerera kutebulo lovomereza ngongole amakhala wamtengo.

Tsopano nkhani ya mapepala, yomwe ndi phiri lenileni kwa ife. Ndilankhule mosapsatira: ntchito za oyamba kumene, ma graduate programme a mabanki ndi ma learnership a BANKSETA, bungwe la maphunziro a ntchito za m'mabanki, kwa Mmalawi wopanda unzika khomo lake ndi lotseka pafupifupi kotheratu. Si nkhanza za wolemba ntchito. Employment Equity Act ya 1998 ndi malamulo a B-BBEE, otukula anthu akuda pachuma, amawerengera banki anthu akuda, amayi ndi olumala omwe ndi nzika za dziko lino. Inu ngakhale muli wakuda bii, ngakhale muli ndi permanent residence, m'kaundula ameneyo simuwerengedwa. M'dziko lomwe ulova wadutsa 30 peresenti, ndipo achinyamata a BCom ochokera ku Wits, UJ ndi Pretoria ali pamzere, palibe manejala angalimbane ndi HR kuti atenge mlendo pa ntchito yoti aphunzitsidwe kaye. Mukaona pansi pa chilengezo alemba kuti EE position (Employment Equity) kapena SA citizens only, musataye data yanu.

Pasipoti yathu imatilola kulowa masiku 30 ngati alendo, osati kugwira ntchito, ndipo kuyambira 2014 malamulo salola kusintha chitupa cha mlendo kukhala cha ntchito muli konkuno, kupatula pa zifukwa zapadera zochepa. Pempho limakaperekedwa kwathu. Kampani ya m'ma industrial area mwina ingatseke maso, koma banki siyerekeza n'komwe, chifukwa kulemba munthu wopanda chilolezo ndi mlandu. Ziphaso zomwe zimakhudza ntchito yathu ndi critical skills work visa, general work visa ndi intra-company transfer. Kuyambira October 2024 ziwiri zoyambazo zimayendera mapointi, ndipo pamafunika 100. Ntchito yanu ikakhala pamndandanda wa critical skills mwakwanitsa pomwepo, bola mukhale ndi kalata ya ntchito ndi umembala wa bungwe la akatswiri loyenera. Chenjerani apa: a Home Affairs amayang'ana dzina la ntchito lomwe lili pakalata yanu ndi lomwe lili pamndandanda, ndipo mndandandawo umasinthidwa, choncho tsegulani gazette yatsopano nokha, osadalira zomva pagulu. Mayina monga actuary ndi data scientist akhala akupezekapo, n'chifukwa china chomwe a masamu aja zimawayendera msanga. Mukapanda kukhala pamndandanda, mapointi mumawatolera ku maphunziro, zaka zomwe mwagwira ntchito, kukula kwa malipiro omwe akulonjezani, ndi chilankhulo. Digiri yoyamba imapereka 30, chilankhulo 10. Wongomaliza sukulu afika pa 40 n'kuima. Otsalawo amabwera ndi zaka zisanu kupita m'tsogolo ndi malipiro a munthu wamkulu pantchito.

N'chifukwa chake amene akundifunsa ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndimamuuza kuti asathamange. Lowani kudipatimenti ya ngongole ya National Bank, Standard Bank, FDH, NBS, First Capital, kulikonse komwe mungagwire mafayilo a makampani ndi manja anu. Zaka zisanu zimenezo n'zimene zidzatsegule khomo kuno. Amene ali m'kampani yomwe likulu lake lili ku Johannesburg ali ndi njira ya intra-company transfer, yomwe imafika zaka zinayi ndipo siwonjezeredwa, koma zaka zinayi za Rosebank pa CV sizifufutika. Amene muli kale kuno pa study visa mumaloledwa ganyu wa maola osapitirira 20 pa sabata; musawataye onse kulesitilanti, funsani ngakhale kukampani yaing'ono kuti muziwathandiza pa debtors. Ndipo aliyense wa digiri yakwathu ayambe ndi SAQA, bungwe lakuno lounika masatifiketi, lero. Iwo ndi amene amanena kuti digiri yanu ili pa NQF level yanji, poyerekeza ndi za kuno pomwe BCom ili pa 7, honours pa 8, masters pa 9. Amatsimikiza kuyunivesite komwe munaphunzira, ndipo mukudziwa mmene ofesi ya registrar imayankhira makalata. Ndaona kalata ya ntchito ikufera m'manja mwa munthu chifukwa cha satifiketi ya SAQA yomwe inachedwa.

Tinene kuti mapepala ali bwino ndipo akuitanani. Pa ntchito ya business kapena commercial credit, intaviyu yachiwiri kawirikawiri imakhala case study. Amakupatsani mabuku a kampani a zaka ziwiri kapena zitatu, laputopu ya Excel, ndi maola ochepa kapena tsiku limodzi, kenako mukafotokoze pamaso pa anthu awiri atatu. Apa ndi pomwe ambiri a maphunziro a accounting a ACCA amagwera, ngakhale masamu amawadziwa kuposa owafunsawo.

Tiyerekeze fayilo yotere. Kampani ya mathiraki ya ku City Deep ikupempha overdraft ya R5 miliyoni. Malonda akwera kuchoka pa R40 miliyoni kufika pa R52 miliyoni, phindu ndi R3 miliyoni. Wophunzira kumene amaona izi n'kumwetulira, kulemba ma ratio khumi ndi asanu m'tebulo lokongola, n'kunena kuti tivomereze. Wodziwa amayamba ndi funso limodzi: kampani yomwe ikupanga phindu ikusoweranji ndalama? Akatsegula tsamba la omwe ali ndi ngongole kukampaniko, apeza kuti chaka chatha zinali R6.6 miliyoni, pano ndi R12.8 miliyoni. Gawani ndi malonda n'kuchulukitsa ndi 365: makasitomala ankalipira m'masiku 60, pano akutenga 90. Ndiye kuti R6.2 miliyoni yakakamira m'matumba a anthu ena, kuwirikiza kawiri phindu lomwe likunenedwa. Phindu lili papepala, koma dizilo, ma toll gate ndi malipiro a madalaivala amafuna ndalama yeniyeni sabata iliyonse. Overdraft ija si yokuzira bizinesi, ndi yotsekera bowo.

Kenako yang'anani mphamvu yobweza. EBITDA, phindu tisanachotse chiwongoladzanja, msonkho ndi kutha kwa katundu, tinene kuti ndi R7 miliyoni. Zomwe akulipira pachaka pa mathiraki omwe anatenga pangongole, mpamba ndi chiwongoladzanja pamodzi, ndi R6 miliyoni. Gawani, mupeza 1.17. Pa randi iliyonse yangongole ali ndi randi imodzi ndi masenti 17, msonkho tisanaukhudze. Makomiti ambiri amafuna kuona cha m'ma 1.2 kapena 1.3 kupita m'mwamba. Tsopano ikankheni pang'ono. Ngati ngongole zonse za mathiraki ndi R20 miliyoni ndipo zimatsata prime, kukwera konga kuja kwa pakati pa 2021 ndi 2023, kuchoka pa 7 kufika pa 11.75, kukanawonjezera R950,000 pachaka. 1.17 ija yatsala pa 1.0, tayala limodzi likaphulika kampani yagwada. Kukankha kotereku ndi komwe ofunsa amadikira kuona, ndipo ambiri sakuchita.

Mukafika pa chikole musangolemba kuti kampani ili ndi mathiraki a R25 miliyoni. Mathiraki omwe ali pa instalment sale ndi a banki yomwe inawalipirira mpaka ngongole itatha, si chikole chanu. General notarial bond imamveka yamphamvu, koma siikupatsani dzanja lenileni pa katundu mpaka mutapita kukhoti n'kumugwira, pomwe special notarial bond, yomwe imatchula katundu mmodzimmodzi ndi manambala ake, imagwira ikangolembetsedwa ku Deeds Office. Cession of debtors, kupereka ngati chikole buku la omwe ali ndi ngongole kukampani, ndi yabwino malinga ndi omwe ali m'bukumo: itanitsani age analysis, mndandanda woonetsa masiku omwe aliyense wakhala osalipira, chotsani onse opitirira masiku 90, chotsani makampani achibale a mwini wake, ndipo ngati kasitomala mmodzi ali ndi 60 peresenti ya buku lonse, ndiye kuti amene mukumukongoza kwenikweni ndi kasitomala ameneyo. Mwini kampani akasayina suretyship, lonjezo loti kampani ikalephera adzalipira yekha, funsani kuti ukwati wake ndi wa chuma chophatikiza kapena ayi, ndipo nyumba yomwe akuidalira ili m'dzina lake kapena la trust. Kumbukiraninso kuti kampani ikalowa business rescue pansi pa Companies Act ya 2008, milandu yoilonjerera ngongole imaima kaye. Chikole ndi khomo lachiwiri lotulukira. Loyamba ndi ndalama yomwe bizinesi ikupanga, ndipo chikalata chomwe chikuyamba ndi chikole komiti imachiona ngati cha katapila.

Pali tinthu tina tomwe timasiyanitsa munthu wodziwa za kuno ndi wongofika. Mabuku a makampani ang'onoang'ono ambiri sanaunikidwe ndi ma auditor, chifukwa lamulo silikakamiza onse. Ena amangodutsa independent review, ena amangolembedwa ndi akauntanti wa mwini wake. Ndiye malonda omwe ali m'mabuku afananitseni ndi zolowa pa bank statement za miyezi isanu ndi umodzi, komanso ndi mafomu a VAT201 omwe anapereka ku SARS, bungwe lotolera msonkho. Munthu amakuza malonda akamapita kubanki, amawachepetsa akamapita kwa a msonkho, ndipo choonadi chimakhala penapake pakati. Onani ku CIPC, kolembetsera makampani, kuti madairekitala ndi ndani, ali m'makampani ena ati, ndipo ma annual return ali bwino. Funsani tax compliance status, chifukwa kampani ikayamba kuvutika imasiya kaye kulipira VAT ndi PAYE isanasiye kulipira banki. Yang'anani loan account ya dairekitala: ndalama ikutuluka kupita kwa iye kapena iye akuthiramo? Funso lomwe amakonda kutchera nalo msampha ndi lakuti kodi National Credit Act ikugwira pa fayiloyi. Pa kampani yomwe katundu wake kapena malonda ake apachaka afika R1 miliyoni, sigwira.

Ndipo musakhulupirire dzina lalikulu. Steinhoff inagwa mu December 2017 ngakhale ma auditor ankasayina mabuku ake zaka ndi zaka. African Bank inalandidwa ndi Reserve Bank mu August 2014 itamira m'ngongole zopanda chikole. Tongaat Hulett, kampani ya shuga ya zaka zoposa zana, mabuku ake anapezeka okometsedwa mu 2019 ndipo inalowa business rescue mu October 2022. Nkhani zimenezi muzidziwe musanalowe m'chipinda cha intaviyu, chifukwa ena mwa okufunsaniwo anapsa nazo zala.

Mu fayilo ya mathiraki ija muli malo amodzi omwe Mmalawi amaposa onse m'chipindamo. Tinene kuti kasitomala wamkulu uja amene akuchedwa kulipira ali ku Limbe. Mnzanu wokulira ku Randburg alemba kuti kasitomala ndi wovuta. Inu mukudziwa kuti mwina makwacha ali nawo ali phwii m'akaunti, koma wakhala miyezi pamzere wa forex kubanki yake. Mukudziwa kuti mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo amene anali ndi ngongole ya marandi kapena madola anadzuka m'mawa ngongole itafufuma. Mukudziwa kuti madola kwathu amayenda ndi nyengo ya fodya, kuti thiraki ikhoza kugona masiku pa Beitbridge kapena pa Mwanza, kuti malo a kumudzi opanda title deed si chikole. M'chilankhulo cha banki zimenezi zimatchedwa transfer and convertibility risk ndi country risk, ndipo Standard Bank, Absa, FirstRand, Nedbank, DBSA ndi a inshulansi aja onse ali ndi matebulo oyang'ana maiko ena a mu Africa kuchokera konkuno. Pamenepo ndi pomwe manejala angalembe kalata ku HR kuti munthu uyu ali ndi chomwe sitingachipeze pamsika wa kuno. Anthu athu ambiri amabisa za Malawi pa CV ngati chilema. Ziikeni pamwamba, ndi manambala: buku la ngongole lomwe munkayang'anira linali lalikulu bwanji, munali makampani angati, a mbali iti, ulimi, mafuta kapena zomangamanga, munkavomereza nokha mpaka pati, munkapita kukomiti kangati pamwezi.

Za maphunziro owonjezera sindichedwapo. Ku corporate ndi investment banking CA(SA), chartered accountant wa kuno, ndiye mfumu, kutsatira CFA, mayeso a za investment a magawo atatu. Ku risk satifiketi ya FRM ya magawo awiri imalemekezedwa. ACCA ndi CIMA zimadziwika ndipo zimakwanira ku business ndi commercial banking. Wa credit controller wofuna kukwera angayambe ndi maphunziro a credit management ovomerezedwa ndi Institute of Credit Management, kapena digiri ya Unisa kapena Milpark akugwira ntchito. Koma pepala lachisanu silithandiza munthu amene sangalembe tsamba limodzi lomveka. Ntchito yathu theka lake ndi kulemba. Komiti ili ndi mafayilo khumi m'mawa umodzi, ndipo imafuna kuti tsamba loyamba linene kuti akupempha chiyani, abweza ndi ndalama iti, chingalakwike n'chiyani, ife tadziteteza bwanji, ndipo inu mukuti chiyani. Chizolowezi chathu cholemba mozungulira, ndi ulemu wambiri, kuopa kunena kuti ayi pamaso pa akuluakulu, kuno chimatipweteka. Relationship manager, yemwe bonasi yake imadalira ngongole zomwe watulutsa, adzakuimirani patebulo Lachisanu madzulo kuti kasitomala athawira kubanki ina. Amakulipirani kuti muzitha kumuuza mwaulemu kuti popanda age analysis fayilo siyenda.

Ambiri amafunsa ngati AI itilande ntchito. Gawo lokopera manambala kuchoka m'mabuku kupita mu Excel, lomwe timati spreading, likutengedwa kale ndi makina, ndipo limenelo ndi lomwe ankaphunzirirapo oyamba kumene. Choncho mipando yapansi ikuchepa ndithu. Koma kupita ku Wadeville kukaona ngati katundu wolembedwa m'mabuku alidi m'nyumba yosungira, kuona kuti fumbi pa mabokosi ndi la miyezi ingati, kumva mmene mwini wake akuyankhira funso la msonkho, ndi kusayina dzina lako pansi pa chigamulo, zimenezo zikufunabe munthu.

Akakusankhani, asanakupatseni kalata adzakufufuzani, kawirikawiri kudzera ku makampani monga MIE: zala za kupolisi, kutsimikiza masatifiketi, ndi mbiri yanu ya ngongole, zomwe lamulo limalola pa ntchito zogwira ndalama. Akaunti ya zovala yomwe munaisiya zaka zitatu zapitazo, kapena kontrakiti ya foni yomwe munatengera msuweni wanu iye n'kubwerera kumudzi, ikhoza kukugwetsani pa khomo lomaliza. Lamulo limakupatsani lipoti limodzi laulere pachaka ku bureau iliyonse. Likokeni musanayambe kufunsira, lipirani zotsala, sungani paid-up letter, ndipo ngati muli pa debt review, ndondomeko ya olemedwa ndi ngongole, dziwani kuti zidzaoneka.

Pa malipiro, nambala yomwe adzakutchulireni ndi cost to company, zonse zomwe kampani idzawononge pa inu chaka chonse. M'menemo muli penshoni kapena provident fund, kawirikawiri ndi medical aid, ndipo PAYE ndi UIF sizinachotsedwe. Musagawe ndi 12 n'kuyamba kulonjeza malata kumudzi. Pemphani dummy payslip, yoonetsa zomwe muzidzatsala nazo pamwezi, musanasayine, HR aliyense amaidziwa, kenako chotsanipo lendi ndi Gautrain kapena takisi ya ku Sandton. Funsaninso ngati ntchitoyo ndi yokhazikika kapena ya kontrakiti ya miyezi 6 kapena 12 kudzera kwa agent, chifukwa ntchito zambiri za IFRS 9 ndi za data zimabwera motero, ndipo visa yanu imamangika ku kalata ya ntchitoyo. Ma agent enieni monga Robert Walters ndi Michael Page amalipidwa ndi kampani yolemba ntchito, ndipo Employment Services Act ya 2014 imaletsa kulipiritsa wofuna ntchito. Uja wa pagulu la WhatsApp amene akuti tumizani R1,500 ya registration, intaviyu ili mawa ku Marshalltown, imelo yake ili ya Gmail, m'blokeni.